Udokotala wa zamaganizo suphunziridwa pagalasi la kompyuta

Loweruka lina m'nyengo yachisanu, ndili chikhalire pakhonde kuwothera kadzuwa ka m'mawa, adatulukira mwana wa mlongo wanga, mnyamata wofatsa amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale. Ndipo atapereka moni monga mwa mwambo, nafunsa za moyo wa onse a pakhomo, adasolola foni m'thumba nandionetsa chithunzi chimene, monga adaulula yekha, chidakhala chikumusowetsa tulo kwa masabata atatu. Pachithunzipo padali mayi womwetulira, atavala mkanjo wakuda ndi chipewa cha mphonje, ndipo m'munsi mwake mudali mawu a Chingerezi olonjeza kuti aliyense wofuna angathe kukhala dokotala wa maphunziro a zamaganizo, amene eni ake amawatcha psychology, osasiya ntchito, osakwera ndege, osachoka ngakhale pampando wa m'nyumba mwake. "Atsibweni," adatero mnyamatayo, maso ali pansi, "ndaganiza kuti tigulitse puloti ija anatisiyira bambo, ndilipire chaka choyamba; zotsalazo tikaonera konko."

Sindidamuyankhe tsiku lomwelo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso nkhani yokhudza malo a ana amasiye sigamulidwa munthu ali chiimire. Koma popeza tsopano ndafufuza mokwanira, ndipo ndaona kuti zithunzi zonga chimenechi zikuzungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp m'mafoni a anamwino, abusa, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mabungwe, kufikira ngakhale kwa abale athu amene akusamalira nkhalamba ku Britain ndi amene akusaka khobidi ku Johannesburg, ndatsimikiza mtima kuti yankho limene ndidampatsa kuseri liyenera kunenedwa pabwalo. Yankho lake nali: munthu amene akufuna kuti ntchito ya moyo wake ikhale kuthandiza odwala maganizo ndi osweka mitima, akalipira digiri ya udokotala yophunziridwa yonse pa intaneti, wagula khasu lopanda mpini, ndipo adzazindikira zimenezi ndalama zitatha, zaka zitapita, munda uli m'manja mwa eni atsopano.

Wina asandiyese mdani wa maphunziro a patali, chifukwa ine ndine wa mbadwo umene udaona ndi maso zimene envelopu ya ku positi ingathe kuchita. Kuyambira 1965, pamene boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake idatchedwa Malawi College of Distance Education, anthu ambirimbiri amene adasowa malo ku sekondale adakhoza mayeso awo akuwerenga pa nyali ya koloboyi, ndipo ena a iwo adadzakhala aphunzitsi athu ndi akuluakulu a m'maofesi. Yunivesite ya London idatsegulira khomo ophunzira akutali mu 1858. UNISA ya ku South Africa yakhala ikuphunzitsa mwa makalata kuyambira 1946, ndipo Nelson Mandela adatsiriza nayo digiri yake ya zamalamulo adakali m'ndende. Wonyoza njira imeneyi sadziwa kumene tidachokera. Komatu pali nzeru zimene zimalowa mu envelopu, ndipo pali zina zimene sizilowamo. Mbiri yakale, malamulo, kuwerengera ndalama, zonsezi munthu angaziphunzire ali yekha ndi buku. Koma sindidamvepo za mzamba amene adadziwa ntchito yake powerenga makalata, kapena za wosula amene adazindikira kupsa kwa chitsulo asanaimepo pachipala. Ndipo makolo athu, amene sadali anthu opepera, sadatumizepo mwambo wa chinamwali pakamwa pa mthenga, koma ankapereka namwali m'manja mwa namkungwi kuti akhale naye, amuone mayendedwe, amudzudzule.

Ntchito ya katswiri wa zamaganizo ili m'gulu lachiwirili, ndipo wokayika ayerekeze kuti walowa m'kachipinda kamene ntchitoyi imagwiridwira. Pampando pakhala mayi wa ku Chilobwe amene matope a namondwe wa Freddy adamulanda ana mu Malichi 2023. Wakhalira m'mphepete mwa mpando ngati woti athawa. Ukamulonjera akuti, "Ndili bwino, kaya inu," koma zala zake zikupota nsonga ya chitenje, ndipo mvula ikangowaza pamalata, mawu ake akudukira pakati. Iye sanena kuti ali ndi chisoni; akuti mtima ukumuthamanga, mutu ukumuwotcha paliwombo, tulo sitikubwera. Akatuluka iyeyo pakulowa bambo amene ngongole zamufika m'khosi, nangoti, "Ndatopa, achimwene". Ndipo wothandizayo ayenera kuzindikira, m'mphindi zochepa zomwezo, ngati kumeneku n'kutopa kwa munthu wochokera kumunda kapena kwa munthu amene watsanzikana kale ndi moyo mumtima mwake, pakuti akaphonya pamenepa, mawa pamudzi pamveka mfuu ya maliro. Luso losiyanitsa kutopa kuwiriku palibe buku limene lingalipereke lathunthu. Limabadwa pamene wophunzira wakhala ndi odwala enieni ambirimbiri, mkulu wa ntchitoyo ali pambali kapena akumvetsera, ndipo wodwala atatuluka mkuluyo n'kumufunsa kuti, "Bwanji unathamangira kulankhula pamene mayi aja amafuna kulira? Bwanji unayang'ana pawotchi? Kodi unaona kuti funso lako lachitatu linawatseka pakamwa?" Kudzudzulidwa kotere, mlungu ndi mlungu, chaka ndi chaka, ndiko kumaumba wochiritsa; ndipo sukulu imene ili kutsidya kwa nyanja, yosadziwa dzina la chipatala cha kwanu ngakhale chinenero cha wodwala wako, singakupatse zimenezi, ngakhale netiweki itakhala yabwino chotani ndi magetsi osathima.

Izi sindikuzitenga m'mutu mwanga. Eni ntchitoyi, m'dziko lomwelo limene zithunzi zokopazi zimachokera, ndiwo adaziika m'malamulo awo. Ku America, bungwe la American Psychological Association, limene lidakhazikitsidwa mu 1892, limayendera ndi kuvomereza masukulu ophunzitsa akatswiri ochiritsa maganizo. Pamsonkhano wa ku Boulder mu 1949 akatswiri adagwirizana kuti munthu wa ntchito imeneyi akhale wofufuza ndi wochiritsa pamodzi, ndiyo njira ya digiri ya PhD. Pamsonkhano wa ku Vail mu 1973 adavomerezanso njira ina, ya digiri ya PsyD, yotsamira kwambiri pa kuchiritsa. Koma njira ziwirizi zimakumana pakhomo limodzi. Wophunzira ayenera kukhala pamaphunziro zaka zosachepera 3, chimodzi mwa izo ali pasukulupo ndi thupi lake, kenaka agwire chaka china chathunthu pakati pa odwala moyang'aniridwa. Ndipo bungweli silivomereza maphunziro a udokotala wochiritsa amene amachitikira onse pa intaneti. Ngakhale Fielding Graduate University ya ku California, imene imatchulidwa kawirikawiri ngati sukulu yovomerezeka yophunzitsa anthu ali kwawo, imaitana ophunzira ake kuti azikumana maso ndi maso ndi aphunzitsi awo, ndipo siwakhululukira ntchito ya m'chipatala. Masukulu akuluakulu a pa intaneti monga Walden ndi Capella amalemba okha pamasamba awo, pamalo amene munthu wotengeka mtima safikapo, kuti madigiri awo a udokotala wochiritsa maganizo alibe chivomerezo cha bungweli. Atatsiriza zonsezo, munthu ayenera kukhozanso mayeso otchedwa EPPP ndi kulandira chiphaso m'chigawo chimene akukhala. Ndipo pali zigawo ndi olemba ntchito, monga zipatala za boma zosamalira asilikali opuma, amene amabweza pakhomo pepala lopanda chivomerezo. Tsono ngati mbadwa ya ku America, yokhala pafupi ndi sukuluyo, ingathe kutsekeredwa kunja ndi pepala limeneli, nanga mphunzitsi wa kuno kwathu akuyembekeza kuti limutsegulira chitseko chiti?

Ku Britain, wofuna ntchitoyi amalimbirana ndi anzake malo ochepa, ndipo akasankhidwa amaphunzira zaka 3 akugwira ntchito m'zipatala za boma za NHS, akulandira malipiro, asanalembedwe m'kaundula wa HCPC. Taonani kusiyana kwake: kumeneko wophunzira amalipidwa, pamene mwana wa mlongo wanga akuuzidwa kuti agulitse malo. Ku South Africa, kumene ena mwa akatswiri athu adaphunzira, khomo la ntchitoyi si udokotala n'komwe, koma digiri yachiwiri ya masitazi yophunziridwa pamaso pa aphunzitsi, yotsatidwa ndi miyezi 12 ya m'chipatala, mayeso a bungwe la HPCSA, ndi chaka china chotumikira anthu m'zipatala za boma.

Achikulire akukumbukira, ndipo achinyamata ayenera kuuzidwa, kuti Hastings Kamuzu Banda adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, ku Tennessee, mu 1937, atakhetsa thukuta m'makalasi ndi m'zipinda za odwala. Koma pofuna kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain adapeza kuti pepala lakelo silikukwanira, kotero kuti adawoloka nyanja kupita ku Edinburgh, kumene adalandira ziphaso zina mu 1941. Tinganene zambiri za kudzikuza kwa atsamunda pankhaniyi, ndipo zingakhale zoona. Koma chimene nkhaniyi ikutionetsa sichisintha, chakuti mphamvu ya pepala ili m'manja mwa mlonda wa pakhomo limene ukufuna kulowa. Kwathu kuno alonda ake alipo awiri: National Council for Higher Education, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo imaunika madigiri ochokera kunja, ndi Medical Council of Malawi, imene imasunga kaundula wa ololedwa kuona odwala. Wamalonda wa sukulu ya pachithunzi ija, amene ankaimbira foni mwana wa mlongo wanga katatu pamlungu ndi mawu a ulemu wonse, namutcha dokotala asanatsegule n'komwe buku loyamba, alibe mawu m'mabungwe awiriwa; ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tibwere ku ndalama, pakuti apa ndi pamene nkhuyu zodya ana zimapota akuluakulu. Madigiri amenewa amalipiridwa m'madola, ndipo mtengo wake wonse umafika madola zikwi makumi angapo. Tiyerekeze kuti ndi madola 50,000. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti dola imodzi idafika pa K1,700 kubanki; pamtengo umenewo madola 50,000 ndi K85 miliyoni, ndipo aliyense amene adayesapo kupempha madola kubanki m'zaka zimenezi akudziwa kuti kawirikawiri munthu amabwerako chimanjamanja, nakathera kwa osintha ndalama a mumsewu amene mtengo wawo ndi wokwera koposa. Wophunzira wa ku America amakongola ku boma lake, nabweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro a madola. Ife ngongole yathu ndi ya banki m'khonde, ya katapila, ya ng'ombe za agogo ndi puloti ya amasiye, ndipo malipiro amene tidzabwezere ndi a makwacha amene amasungunuka ngati mchere m'madzi. Mphunzitsi wa sekondale angagwire ntchito zaka zingati kuti asonkhanitse K85 miliyoni, osadya, osavala, osaika maliro?

Ndiponso mtengo wolembedwa pachithunzi si ndiwo wotsiriza, chifukwa wophunzira amalipira teremu ndi teremu kufikira kafukufuku wake atavomerezedwa. Ndipo mphunzitsi womuyang'anira akachedwa kuyankha, kapena akasinthidwa ndi wina wofuna kuti zonse ziyambirenso, mita imangozungulirabe. Mu 2024 Walden University idavomera kulipira madola 28.5 miliyoni pothetsa mlandu umene ophunzira a udokotala wa zamalonda adaisumira, ponena kuti idawatalikitsira gawo lotsiriza la maphunziro kuposa mmene idawauzira poyamba, ndiponso kuti inkakopa makamaka anthu akuda ndi amayi. Sukuluyo sidavomere kuti idalakwa, koma ndalamazo idavomera kupereka. Mu Malichi 2019 Argosy University, imene idali ndi ophunzira ambiri a zamaganizo, idatsekedwa mwadzidzidzi teremu ili pakati, ndipo anthu amene adatsala pang'ono kuvala chipewa adadzuka m'mawa alibe sukulu. Iwowo adali ndi makhoti ndi maloya pafupi. Wa ku Mchinji kapena ku Chipata adzakadandaula kwa yani? Za mbala zenizeni, monga kampani ya Axact ya ku Karachi, imene nyuzipepala ya New York Times idaulula mu 2015 kuti inkagulitsa madigiri abodza m'maina a masukulu osakhalako, sindichulukitsa mawu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tinene kuti munthu wapirira, walipira zonse, pepala lafika. Ntchito ili kuti? M'boma malo a akatswiri a zamaganizo ndi owerengeka, ndipo polemba ntchito amafunsa za kaundula. Mabungwe othandiza anthu amafuna kudziwa kuti wakhalapo ndi anthu angati ndipo ankakuyang'anira ndani. Yunivesite imayamba yafufuza kumene digiri idachokera. Ndipo wofuna kutsegula ofesi yakeyake ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzapeza kuti pafunika chiphaso, ndiponso kuti anthu otha kulipira uphungu m'thumba mwawo ndi ochepa. Mapeto ake munthu amabwerera m'kalasi lomwe lija, pa malipiro omwe aja, choko chili m'manja, ngongole ili pamsana.

Ndingakhale wokondera ndikaika mlandu wonse pa amalonda akunja, chifukwa msampha sugwira nyama yokhuta, ndipo njala yathu ife ndi ya maina. Tafika poti pamaliro, paukwati, ngakhale m'nyumba ya Mulungu, wotsogolera mwambo amatuluka thukuta kuopa kuiwala kutchula "Dokotala" patsogolo pa dzina la munthu, podziwa kuti woiwalidwayo achoka osadya nsima. Dzina limene kale linkatchulidwa ndi ulemu wa mantha, chifukwa mwini wake adali atagwira mabala ndi kuchezera usiku pambali pa odwala, lasanduka chovala cha pa Sabata. Buku Lopatulika limasimba za Simoni wa ku Samariya, amene ataona mphamvu yochitika mwa atumwi adatulutsa ndalama kuti aigule, ndipo adadzudzulidwa koopsa, popeza adayesa kuti chinthu choperekedwa kuti chitumikire anthu chingagulidwe ngati mbuzi pamsika. Ndikadakhala chete chikadakhala kuti choipa chake n'kudzitama kokha; koma pa ntchito ya zamaganizo dzina lopanda luso limavulaza. Munthu wa kumudzi akamva kuti pakhomo paja pali dokotala wa zamaganizo, sasiyanitsa pakati pa dokotala wa chipatala amene adaphunzira matenda a misala ndipo amalembera odwala mankhwala, katswiri amene amayeza ndi kuchiritsa mwa kukambirana, ndi munthu amene adangolemba kafukufuku pa kompyuta. Iye amangobweretsa mwana wake wamkazi amene wayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kapena mnyamata amene chamba chamuzunguza mutu, kapena wodwala khunyu, nawapereka ndi chikhulupiriro chonse. Wovala dzinayo, pochita manyazi kuulula kuti izi sazidziwa, amayamba kuyesayesa, ndipo miyezi imene wodwala akadathandizidwa kuchipatala cha ku Zomba kapena cha ku Mzuzu imatayika, mwina pamodzi ndi wodwalayo.

Ndikuwamva ena akuti, "Inu akulu, odwala ndi ochuluka, ochiritsa ndi owerengeka, malo ophunzirira ndi ochepa, mukatseka khomo la intaneti, mwana wa mmphawi adzalowera kuti? Kodi nthawi ya Covid-19 sitinaone masukulu a dziko lonse lapansi akuphunzitsa pa kompyuta, ndi alangizi akuthandiza anthu pafoni?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. N'zoona kuti katswiri wokhwima angathe kuthandiza munthu pafoni, monga momwe mzamba wodziwa angalangizire mnzake ali patali. Koma chimenechi chikuchitira umboni luso limene lidapezedwa kale pakati pa odwala, ndipo sichikutanthauza kuti lusolo lingabadwire pafoni. N'zoonanso kuti mabuku, maphunziro a kawerengedwe ka kafukufuku ndi nkhani za aphunzitsi otchuka zingatifike pa intaneti, ndipo zimenezo tizilandire ndi manja awiri. Koma za kuchuluka kwa odwala, yankho lake lidaoneka kale kwa anansi athu a ku Zimbabwe, ndipo silidabwere litavala chipewa cha mphonje. Dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare, poona kuchepa kwa madokotala a misala m'dziko lake, adayamba cha mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kuti azikhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene m'Chishona amachitcha kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Ndipo kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA adaonetsa kuti othandizidwa pabenchipo adapeza bwino kuposa anzawo amene adalandira chithandizo cha masiku onse. Agogowo alibe digiri, koma ali ndi zinthu ziwiri zimene sukulu ya kutsidya kwa nyanja singagulitse: chinenero cha wodwala, ndi wowayang'anira amene ali pafupi.

Pa chinenerochi ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa ambiri amachidumpha. Zitsanzo za m'maphunziro a masukulu amenewa ndi za moyo wa ku America, ndipo palibe cholakwa pamenepo, popeza adawakonzera anthu akwawo. Koma simudzapezamo mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulanda ziwiya ndi malata, mwana woganiziridwa ufiti, mkamwini wosowa mawu pamudzi wa eni, kapena munthu wokhulupirira ndi mtima wonse kuti mizimu ya makolo yamukwiyira chifukwa sadamange chiliza. Mayeso oyezera nzeru amene adakonzedwera mwana wa ku Minnesota, akaperekedwa osasinthidwa kwa mwana wa ku Ntchisi, angamutche wopepera pamene ali wochenjera, ndipo dzina limenelo lidzamutsata moyo wake wonse. Pulofesa Chiwoza Bandawe, mmodzi wa akatswiri athu odziwika pantchitoyi, wakhala akuphunzitsa ndi kulemba kwa zaka zambiri kuti kuchiritsa maganizo kwathu kuno kuyenera kuzikika pa umunthu, umene umamuona munthu pamodzi ndi abale ake ndi mudzi wake. Nzeru yotere imaphunziridwa pamphasa, pakati pa anthu amene ukufuna kudzawatumikira.

Kodi tsono palibe amene udokotala wa patali ungamupindulire? Alipo, koma si amene akusakidwa ndi zithunzi zija. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene ali kale ndi masitazi ndipo akufuna PhD ya kafukufuku kuti akwere pantchito yake, katswiri amene ali kale m'kaundula ndipo patatha zaka zambiri akuona odwala akufuna kuzama pa nkhani imodzi, ngakhalenso woyang'anira antchito m'kampani amene sadzakhalapo ndi wodwala pamaso pake, otere angathe kulembetsa pa yunivesite yodziwika, yokhala ndi nyumba zake ndi mbiri yake, pansi pa mphunzitsi wodziwika dzina amene zolemba zake zingawerengedwe, nachita kafukufuku wawo kuno pakati pa anthu athu. Kwa iwo intaneti ndi njinga yofupikitsa ulendo umene adauyamba kale ndi miyendo. Komabe ngakhale iwowa ayambe agogoda pa zitseko za thandizo la maphunziro, monga la Commonwealth ndi la Beit Trust limene limathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, asanakhudze chuma cha banja. Pakuti sukulu imene ikukulondalonda ndi mafoni kuti ulipire msanga malo asanathe yakuuza kale chimene ikufuna kwa iwe.

Mawu anga owawa koposa ndawasungira boma ndi masukulu athu a ukachenjede, chifukwa mnyamata wanzeru sakadaganiza zogulitsa malo a bambo ake chikadakhala kuti kwawo kuli njira yooneka. Chiyambire 1910, pamene atsamunda adapatula chigawo cha ndende ya Zomba kuti azitsekeramo odwala misala, dziko lino lakhala likuyesa matenda a maganizo chinthu chobisa kuseri kwa mpanda. Chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Lamulo la 1948 loyendetsera odwalawa lidalamulira zaka zoposa 70. Ndipo kumpoto kukadapanda a St John of God, amene adatsegula chipatala ndi sukulu yawo ku Mzuzu, anthu akadayendabe ulendo wa tsiku lathunthu ndi wodwala womangidwa zingwe. Chaka ndi chaka Yunivesite ya Malawi ku Zomba imatulutsa achinyamata amene aphunzira zamaganizo pa digiri yoyamba, ndipo chaka ndi chaka apolisi amatiwerengera anthu odzipha, ambiri a iwo amuna; koma pakati pa achinyamata ofuna kuthandizawo ndi anthu osowa thandizowo mlatho wake ndi wopapatiza koopsa. Kamuzu University of Health Sciences, imene idaima payokha mu 2021, ili ndi akatswiri ndipo imaphunzitsira pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Yunivesite ya Malawi ili ndi aphunzitsi. Ku Zomba ndi ku Mzuzu kuli odwala ndi akuluakulu odziwa kuyang'anira ophunzira. Chofunika n'chakuti onsewa akhale pamodzi, akulitse malo a masitazi ya kuchiritsa maganizo yokhala ndi chaka cha m'chipatala, ndipo Unduna wa Zaumoyo ukhazikitse malo a ntchito a akatswiriwa pa chipatala chachikulu cha m'boma lililonse, ndi malipiro oti munthu n'kudyetsera ana. Kufikira zimenezi zitachitika, ana athu ochenjera adzapitiriza kutumiza chuma cha makolo awo kutsidya kwa nyanja, ndipo mlandu wake udzakhala pa ife amene tidawasiya opanda njira.

Mwana wa mlongo wanga nditamuitana, tidakhala pakhonde lomwe lija, ndipo ndidamufunsa chinthu chimodzi: "Kodi iwe ukufuna kuti anthu azikutcha dokotala, kapena ukufuna kuthandiza ana aja umanena kuti amabwera kwa iwe akulira mukaweruka?" Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Atsibweni, ndi anawo." Ndidamuuza kuti ngati zili choncho, ayambe ndi maphunziro a uphungu ovomerezeka kuno, kumene adzakhale ndi anthu enieni mkulu akumuyang'anira, adzipereke kuthandiza pa chipatala kapena bungwe lapafupi, ndipo akatero afunefune masitazi, kuno kapena kunja, imene ili ndi khomo lolowera m'kaundula; udokotala, ukadzafunika, udzamupeze ali kale pantchito. Puloti ija sidagulitsidwe.

Kwa inu makolo, atsibweni ndi azakhali amene mwana wafika kwa inu ndi chithunzi chonga chimenechi, pempho langa nali: musanatulutse ngakhale tambala, lembani makalata awiri, imodzi ku National Council for Higher Education, ina ku Medical Council of Malawi, mutchule dzina la sukuluyo ndi dzina lenileni la digiriyo, mufunse ngati idzazindikiridwa ndiponso ngati mwini wake adzaloledwa kuona odwala, ndipo mudikire yankho lolembedwa, lokhala ndi chidindo. Yankho likapanda kubwera, kapena likabwera lozungulira, musagulitse munda.